Ndikati ayi akuti matenda ayambiranso, ndiwauze bwanji abale anga?

Aphunzitsi a ku Balaka analemba:

Abale anga, ndithandizeni maganizo. Dzina sinditchula, chifukwa nkhani yanga yafika kale m'makutu ambiri ine osafuna, ndipo limenelo ndi limodzi mwa mavuto amene ndabwera nawo.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndimaphunzitsa Sitandade 4. Ndili ndi mwana mmodzi wamkazi, bambo ake tinasiyana kalekale. Chaka chathachi ndinadwala matenda a maganizo amene adokotala anati ndi bipolar. Kwa amene simukuwadziwa, ndi aja munthu nthawi ina amakhala ndi mphamvu zosaneneka, osagona, kulankhula kosalekeza, nthawi ina n'kufooka mpaka kulephera kudzuka pa mphasa. Ine anandigwira ndi mbali yoyambayo. Ndinkangoona ngati ndatulukira njira yolemerera. Ndinakongola ku banki m'khonde, ndinatenganso katapila, ndinakapikula mabelo a kaunjika ku Limbe, zovala zambiri n'kugawira anthu ulere pa msika. Mapeto ake achimwene anga aakulu ndi amalume ananditengera ku chipatala cha boma, kumeneko n'kunditumiza ku Zomba Mental. Ndinagonekedwa, anandisamala, ndinatuluka. Panopa mankhwala ndimamwa osadumphitsa, tsiku limene andilembera m'buku ndimapita kukaonana ndi anamwino, ndipo ku ntchito ndinabwerera. Maphunziro ndimakonza, mayeso ndimachonga, ana anga a m'kalasi saona chachilendo.

Vuto lili kunyumba.

Nditagonekedwa, achimwene anatenga khadi yanga ya ku banki pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi. Pa nthawi imeneyo kunalibe kuchitira mwina. Anabweza katapila uja, analipira lendi, mwana wanga sanagone ndi njala. Koma ngongole zonse zinatha kubwezedwa miyezi yapitayo, khadi ikadali m'thumba mwawo. Malipiro akalowa amakatapa okha n'kundipatsa ya ndiwo, monga amanenera iwowo. Ndikafuna kugulira mwana nsapato ndiyenera kuimba foni, kufotokoza, nthawi zina mpaka kutumiza pa WhatsApp chithunzi cha nsapato yong'ambikayo. Ine ntchembere, wogwira ntchito m'boma! Mwezi wathawu anatapako ina n'kugula feteleza wa m'munda mwawo. Anandiuza okha mosabisa, ati chimangacho tidzadya tonse.

Nditawauza mwaulemu kuti achimwene, khadi ija ndikuifuna, sanakane komanso sanavomere. Anangondiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Kodi mankhwala wamwa lero?"

Funso limenelo ndi limene likundidya mumtima. Lasanduka yankho la chilichonse. Ndikakwiya, mankhwala. Ndikaseka kwambiri ndi anzanga pakhonde, mankhwala. Kukagwa maliro ine n'kunena kuti sindikachezera m'siwa chifukwa anamwino anandichenjeza kuti kusagona ndi kumene kungandigwetsenso, akuti ndayamba kudzipatula, chimenecho n'chizindikiro. Ndikapita n'kuimba nawo mokweza, n'chizindikironso. Palibe mbali imene ndingaime n'kuoneka wabwinobwino. Choipa n'chakuti nanenso ndayamba kudzikayikira. Ndikamva mtima ukuwawa ndimayamba kudzifunsa ngati ndi ine kapena ndi matenda, ndiye ndimangomeza mawu. Ndameza ambiri moti masiku ano ndimaopa ngakhale kusangalala pagulu.

Chachiwiri ndi azakhali anga. Iwowa ndi mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwathu. Lachinayi lililonse pa mapemphero amanditchula dzina, matenda, mpaka za mabelo a kaunjika zija, ati kuti anthu apemphere molunjika. Ndinamvera kwa kholo la mwana wa m'kalasi mwanga, amene anandigwira dzanja ku chigayo n'kunena pamaso pa anthu kuti, "Pepani aphunzitsi, tikukupemphererani, mutu uja uli bwanji?" Ndinawapempha azakhali kuti azingonena kuti tipempherere mwana wathu wina, Mulungu amandidziwa kale. Anakadandaula kwa amayi kuti ndayamba mwano, ndipo ndikukana mapemphero. Kwa iwo umenewo ndi umboni wakuti chiwanda chikadalipo. Mapemphero sindikana ayi, ndimapemphera ndekha m'mawa ndi madzulo. Chimene ndikukana ndi kuvulidwa pagulu.

Palinso alamu anga, amene akabwera kunyumba amalowa kuchipinda kwanga osaodira, n'kutsegula buku langa la kuchipatala, n'kuwerenga mapiritsi amene atsala m'kapepala. Komanso pali bambo wina amene tikudziwana, munthu wodekha, ndipo zikuoneka kuti ali ndi cholinga. Za matenda anga ndikufuna ndimuuze ndekha pa nthawi yanga. Amayi akuti akamuuza iwowo kuti asadzatinene kuti tinamubisira. Azakhali akuti munthu ngati ine asaganizenso za banja kapena kubereka.

Ndimawakonda anthu amenewa, ndipo sindinaiwale kuti anandinyamula pamene ena ankandiseka pa msika. Koma kodi kudwala kamodzi ndiye kuti basi, ndidzakhala mwana mpaka kufa? Inu amene munadutsamo, munatenganso bwanji moyo wanu m'manja popanda kuphwanya ubale? Ndipo ndingadziwe bwanji kuti mkwiyo wanga ndi wa munthu wolakwiridwa, osati matenda?

Makaniko wa ku Chibavi anayankha:

Achemwali, nkhani yanu ndaiwerenga ndili pansi pa galimoto ya kasitomala, mpaka ndatuluka kuti ndiyankhe bwino. Inenso ndili ndi matenda omwewo, ndimalandira chithandizo ku St John of God kuno ku Mzuzu. Funso la mankhwala lija ndimalidziwa. Kwa ine ankafunsa ndi akazi anga, nthawi zina pamaso pa anyamata anga a pa galaja.

Chimene chinatithandiza ife ndi pepala. Mlangizi wa kuchipatala ndi amene anatipatsa nzeruyi. Tinakhala pansi atatu ine ndili bwinobwino, tinatenga kope la sukulu, n'kulemba zizindikiro zanga zenizeni za mmene ndimayambira. Zanga ndi izi: kudzuka pakati pa usiku n'kuyamba kumasula injini, kulonjeza anthu ntchito kapena ndalama zimene ndilibe, ndi kusafuna kuti munthu amalize chiganizo chake. Pansi pake tinalemba kuti zimenezi zikaoneka masiku otsatizana, mayi a kunyumba ali ndi chilolezo changa chosunga foni ya Mpamba ndi makiyi a galaja, n'kupita nane kuchipatala ngakhale ndikane. Ndinasaina ndekha. Koma tsamba linalo ndi langa. Tinalembapo kuti kunja kwa zizindikiro zimenezo, ndikakwiya ndiye kuti ndakwiya basi, andifunse chimene chandikwiyitsa. Za mankhwala andifunse kamodzi, madzulo, kuchipinda, osati pagulu.

Pepalalo linawapatsa iwo pogwira. Anthu athuwa amalondalonda chilichonse chifukwa sakudziwa choyenera kuyang'ana. Ukawapatsa zinthu zitatu zooneka ndi maso, zina zonsezo amayamba kuzisiya. Sizinatheke tsiku limodzi, ndipo mpaka lero tikakangana nthawi zina funsolo limawapulumuka. Ine ndimangoloza kabati imene muli kopelo, iwo n'kuseka.

China chimene ndinaona ndi ichi. Ife a matenda amenewa tikamakana chinthu timafotokoza kwambiri, chifukwa tikufuna atikhulupirire kuti tili bwino. Koma ukamafotokoza nthawi yaitali, mawu akukwera, manja akuyenda, iwo sakumvanso mfundo zako, akungoona munthu uja wa chaka chatha. Ndiye fupikitsani. Sankhani m'mawa mutagona bwino, mukhale pansi, munene mawu ochepa. "Achimwene, zikomo pondisungira khadi. Kuyambira mwezi wa mawa ndizisunga ndekha." Akafunsa za mankhwala, yankhani kuti, "Ndamwa. Tibwerere ku nkhani ya khadi." Akabwereza, inunso bwerezani zomwezo, mawu osakweza. Zimavuta, mtima umagunda, koma munthu amene akuyankha mofatsa kachitatu konse n'kovuta kumunena kuti wapenga.

Za alamu anu, gulani loko. Chipinda ndi chanu, lendi mumalipira ndinu.

Mayi a Mapasa, Ndirande, anayankha:

Aphunzitsi, mundikhululukire, ine ndilankhula ngati wa mbali inayo. Ndimasamala mlongo wanga wamng'ono amene anayamba kudwala ali ku sekondale. Zimene mwalembazi zandikhudza, koma ndikufuna muwaonenso achimwene anuwo.

Inu mbali ina ya nthawi imene munadwala mwina simuikumbukira bwino. Iwo amakumbukira zonse. Mlongo wanga atasowa pakhomo tinamufuna kupolisi, m'zipatala, mpaka kukasuzumira kumene amasungira mitembo. Anapezeka ali moyo akuyenda wapansi mumsewu wopita ku Lunzu, mapazi atatupa. Lero ali bwino, amagulitsa ma yunitsi ndi ma chaja, koma akangochedwa kubwera madzulo m'mimba mwanga mumatentha. Iye amati ndimamulonda. N'zoona, ndimamulonda. Mantha amenewo alibe mapiritsi, ndipo palibe amene anatiitanapo ife osamala odwala kuti nanunso khalani pansi tikumveni. Wodwala akachira amapita patsogolo, ife timatsalira pa tsiku loipa lija.

Achimwene anu anakumana ndi a katapila maso ndi maso. Mukudziwa mmene anthu amenewo amalankhulira akafuna ndalama yawo. Ndiye akamagwira khadi mwamphamvu, mbali ina ndi mantha akuti zingabwererenso, iwo n'kuyambanso kuyenda khomo ndi khomo kupepesa.

Koma za feteleza zija ayi. Pamenepo alakwa, ndipo ndinganene ngakhale iwo ali pompano. Kusunga ndalama ya wodwala ndi kwina, kuidya ndi kwina. Ndipo ndikuuzeni chimene ndaona m'mabanja ambiri: munthu akazolowera kugwira malipiro a mnzake, amayamba kupeza zifukwa zoti mnzakeyo asachire msanga, mwina iye mwini osazindikira n'komwe.

Vuto ndi lakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mukamenya mwamphamvu muswa ubale, ndipo tsiku lina, Mulungu aletse, mungadzawafunenso anthu omwewa. Nchifukwa chake ine sindingakulangizeni kuchita mobisa kapena mwaukali. Kwanuko ndi kwa chikamwini, eti? Ndiye amalume ndi eni mbumba, nkhani ngati iyi ndi yawo. Pitani kwa iwo nokha, musapite manja lendelende, tengani ka shuga kapena nkhuku. Muyambe ndi kuthokoza. Kodi chitulukireni m'chipatala munayamba mwawakhazika pansi achimwene ndi amalume n'kuwathokoza mwa mwambo? Ngati simunatero, chitani, chifukwa kuthokoza koteroko kumatsekanso nkhani. Kumanena kuti ntchito imene munandigwirira yatha, mwaigwira bwino, tsopano ndanyamuka. Mukatero, pempho la khadi limabwera lokha, ndipo achimwene amabweza akuoneka olemekezeka, osati olandidwa.

Mukhozanso kuwapatsa kanthu kogwira poyamba. Mwachitsanzo, kwa miyezi ingapo muziwaonetsa kuti lendi yalipidwa ndipo palibe ngongole yatsopano. Koma mugwirizane mwezi umene zimenezo zidzathe, amalume akumva, kuti zisakhale za muyaya.

Za azakhali ndilibe chowaikira kumbuyo. Ena amapemphera, ena amafalitsa nkhani maso atatsinzina.

Mtumiki wa Yehova anayankha:

Mlongo, khululukani ndipo dzichepetseni. Abale ndi mphatso. Musakane mapemphero a akuluakulu, mdani amalowera pa kudzikuza.

Makaniko wa ku Chibavi anayankha:

Abusa, mayiwa sanakane mapemphero, werenganinso bwino. Akana kutchulidwa za kuchipatala pamaso pa makolo a ana amene amawaphunzitsa. Inu akanati azilengeza matenda anu Lachinayi lililonse, mukanati ameni?

Namwino wa m'chigawo chapakati anayankha:

Aphunzitsi, ndine namwino wa matenda a maganizo pa chipatala china cha boma. Sindingakupimeni pa intaneti, choncho zimene ndinene pano mukazitsimikize ndi amene amakuonani. Ndiyamba ndi funso lanu lomaliza chifukwa ndi limene odwala anga ambiri amandifunsa monong'ona.

Mkwiyo wa munthu wolakwiridwa uli ndi chifukwa chake ndipo uli ndi mwini wake. Mwakwiyira achimwene chifukwa cha feteleza, koma mwana wanu mukumuseka, nsima mwadya, usiku mwagona, m'mawa mwapita kukaphunzitsa. Kuyambiranso kwa matenda anuwa sikuoneka choncho. Tulo timachepa usiku wotsatizana koma munthu samva kutopa, mawu amathamanga moti sungamudule, maganizo amadumphadumpha, mapulani amakula kuposa thumba, ndalama zimamwazika, ndipo kupsa mtima kumagwera aliyense, ngakhale wogulitsa tomato. Ife timayang'ana kusintha kumene kwakhala masiku 4 kapena sabata yathunthu, osati mkangano wa madzulo amodzi. Ngati mukufuna chinthu chimodzi choti muzidziyeza nacho, yezani tulo. Lembani m'kakope nthawi imene mwagona ndi imene mwadzuka. Tsiku limene mudzadzikayikire, kakopeko kadzakuyankhani bwino kuposa nkhope ya achimwene.

Ndiyeneranso kunena mbali yowawa. Matendawa akafika pamwamba amalanda munthu kuzindikira kuti akudwala. Pa nthawi imeneyo mumamva bwino kuposa masiku onse, ndipo aliyense wokuletsani amaoneka mdani. Ndiye mukufunika munthu mmodzi amene akati "sizili bwino" mudzamumvera ngakhale simukugwirizana naye. Kusiyana kwake ndi zimene zikuchitika panopa n'kwakuti munthuyo mumusankhe nokha, muli bwino, ndipo mugwirizane malire a mphamvu zake. Pepala limene afotokoza a makaniko ndi lomwelo, ndipo ife timalikonda kwambiri. Sikuti achite kukhala achimwene ayi. Akhoza kukhala mnzanu wa ku ntchito kapena msuweni.

Buku la kuchipatala ndi lanu. Ife ogwira ntchito za umoyo sitiloledwa kuuza wachibale za matenda anu popanda chilolezo chanu, kupatula pamene moyo wanu kapena wa munthu wina uli pa ngozi. Ngati ife amene tinalemba m'bukumo tili ndi malire otero, alamu alibe chifukwa cholitsegulira. Komabe ndikupempheni kuti tsiku lina mubwere ndi achimwene kapena amayi ku kiliniki. Muyambe mwalowa nokha, muwauze anamwino zimene mukulola kuti zikambidwe, kenako aitanidwe. Abale ambiri sanauzidwepo ndi wa chipatala kuti munthu wanu ali bwino, akhoza kuyendetsa zake. Anangoona tsiku logonekedwa ndi tsiku lotuluka. Mawu omwewo amene inu mukanena amati ndi mwano, akatuluka pakamwa pa wovala yunifolomu amawamva.

Za maliro mukuchita bwino. Pitani masana, phikani nawo, perekezani kumanda, koma usiku kagoneni kwanu. Amene akufunsa muwauze kuti ndi lamulo la kuchipatala. Wodwala shuga akakana fanta palibe amamunena kuti ndi wonyada.

Tsopano za banja ndi kubereka. Azakhali akulakwitsa. Amayi ambiri a matenda amenewa ali pa banja ndipo akulera ana awo bwinobwino. N'zoona kuti matendawa amayenda m'magazi pang'ono, koma ana ambiri obadwa kwa kholo lodwala sadwala. Chofunika ndi kukonzekera. Onani dzina la mankhwala anu. Ngati ndi sodium valproate, amenewo akhoza kuvulaza mwana m'mimba, ndiye musatenge pathupi musanakambirane ndi adokotala kuti aone zosintha. Ngati ndi carbamazepine, dziwani kuti amafooketsa mapiritsi olera ndi kolera koika pamkono, choncho a kulera ayenera kudziwa kuti mukumwa. Masabata oyamba mayi akangobereka ndi nthawi imene matendawa amakonda kubwerera, ndiye pamafunika kuonedwa pafupipafupi ndi wina wothandiza kudzuka ndi khanda usiku. Zonsezi ndi zotheka. Chimene musachite ndi kusiya mankhwala mwadzidzidzi panokha, kaya chifukwa cha chibwenzi, kaya mneneri wanena, kaya kufuna kuonetsa abale kuti munachira. Amene amabwerera kwa ife ali moipa ambiri ndi amene anasiya chotero. Ngati akukulemetsani thupi, kukugonetsani masana kapena kukunjenjemeretsani manja, nenani ku kiliniki, muli ndi ufulu wofunsa ndi wodandaula kwa ifenso.

Bambo mukuwanenawo muwauze nokha. Ndingokulangizani kuti musadikire mpaka ankhoswe atayamba kuyenda. Amayi muwauze kuti, "Ndimuuza ine mwezi uno, ndikatero ndidzakudziwitsani." Akamva kuti pali nthawi yoikika, changu chokanena chimachepa.

Mufunsenso ku kiliniki kwanu ngati kufupi kuli gulu la MeHUCA, bungwe la anthu amene anadwalapo matenda a maganizo pamodzi ndi owasamalira. Zimene anena Mayi a Mapasa, kuti osamala odwala alibe powatulira nkhawa, ndi zoona, ndipo magulu otero amalandira mbali zonse ziwiri.

Wothandiza za malamulo, Lilongwe, anayankha:

Ine ndiwonjezere za malamulo zokha, kuti podzakhala pansi ndi amalume mudziwe pamene mwaima. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, gawo 19, amati ulemu wa munthu aliyense sungaphwanyidwe, ndipo gawo 21 limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi. Palibe pamene analemba kuti kupatula amene anagonekedwapo ku Zomba. Dziko la Malawi linavomerezanso mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene limakhudzanso a matenda a maganizo okhalitsa, ndipo gawo 12 la panganolo limanena mosabisa za ufulu woyendetsa wekha chuma chako. Maganizo akuti wodwala mutu ndi wongosungidwa tinawatengera kutali. Lamulo limene dziko lino linagwiritsa ntchito zaka zambirimbiri pa nkhaniyi linali la 1948, la nthawi ya atsamunda.

Kukhala mchimwene wamkulu sikupatsa munthu mphamvu pa akaunti ya mlongo wake. Popanda chilolezo chanu kapena chigamulo cha khoti, ndalamazo ndi zanu. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 silinena za kumenya kokha, limatchulanso nkhanza za pa chuma ndi zozunza maganizo. Ndipo kunena zoona, mawa lomwe mukhoza kupita ku banki ndi chiphaso chanu cha unzika, n'kutseketsa khadi yakaleyo, n'kutenga ina ya nambala yatsopano. Palibe amene angakufunseni kalata ya achimwene.

Sindikunena kuti muthamangire kupolisi kapena kukhoti. Njira ya amalume ndi yabwino ndipo muyambire kumeneko. Koma pitani mukudziwa kuti simukukapempha chifundo, mukukawapatsa mwayi wobweza mwaulemu chinthu chimene mungathe kutenga nokha. Mukapita ku banki mukapemphenso sitetimenti ya miyezi yonse imene khadi inali kwa iwo. Musaitulutse pa zokambirana pokhapokha wina atayamba kukana za ndalama zimene zinatapidwa.

Za kutchalitchi, ngati azakhali sakumva, kaonaneni ndi abusa kapena mayi busa panokha. Muwauze kuti nkhaniyi yafika kwa makolo a ana a sukulu ndipo ikhoza kukuonongerani ntchito. Atsogoleri ambiri akamva mbali ya ntchito amachitapo kanthu msanga.

Aphunzitsi a ku Balaka anayankha:

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza. Mayi a Mapasa, mawu anu ndi amene andivuta kwambiri, komabe ndawamva. Nkhuku ndigula ndipo ndiwathokoza pamaso pa amalume. Koma zowaonetsa malisiti a lendi mwezi ndi mwezi, pamenepo mtima wanga ukukana. Ndachita kale zimenezo ndi zithunzi za nsapato, ndipo ndaona kuti ukapereka umboni kamodzi amafuna wina. Chimene ndingalole ndi pepala la zizindikiro lija, ndipo munthu amene ndamusankha ndi mphunzitsi mnzanga wa Sitandade 6 amene timayenda limodzi m'mawa uliwonse. Iyeyo angaone msanga ngati sindinagone kuposa achimwene amene amakhala kutali. Ndikudziwa kuti achimwene zidzawawawa kuti ndasankha wakunja, ndiye ndikuganiza zoti dzina lawo likhalepo ngati wachiwiri woimbiridwa foni.

Ndawaimbira amalume, akuti ndipite Loweruka. Za feteleza ndaganiza zongonena kamodzi kuti sizinandisangalatse, osaitanitsa ndalamayo. Sitetimenti ndikatenga ndithu, ikhale m'chikwama. Malipiro a mwezi wa mawa akadzalowa khadi isanabwere, ndidzapita ku banki monga mwanenera a zamalamulo, ndipo Loweruka lomwelo ndikawauziratu kuti ndidzatero, kuti pasadzakhale zoti ndinachita mobisa.

Loko ndagula kale pobwera ku sukulu.

Anamwino, ndayang'ana pa kapepala ka mankhwala, ndi sodium valproate. Palibe chimene ndisinthe pandekha. Tsiku langa la ku kiliniki lili kumapeto kwa mwezi, kodi nkhani imeneyi ingadikire mpaka tsikulo, kapena ndipite msanga ndisanalankhule ndi bambo aja?